Barbara Smith ndi mabuku a pa tebulo la kukhitchini

Mu Okutobala 1980 amayi awiri ankacheza pa foni, wina ali ku New York, wina ali ku Boston. Wa ku New York anali mlakatuli Audre Lorde, wa ku Boston anali Barbara Smith. Macheza ali mkati, Mayi Lorde anaponya mawu akuti nkhani yosindikiza mabukuyi ikufunika kuti iwo eni achitepo kanthu. Kumapeto kwa mwezi womwewo Mayi Smith anaitanitsa kamsonkhano kunyumba kwawo ku Roxbury, dera la anthu akuda mumzinda wa Boston, ndipo kampani yosindikiza mabuku yotchedwa Kitchen Table: Women of Color Press inabadwira pamenepo. Inakhazikitsidwa mwadongosolo chaka chotsatira, 1981, ku New York.

Ambiri amene anamvapo za Mayi Smith amawadziwa chifukwa cha maganizo awo, makamaka chikalata cha 1977 chimene ndichifotokoze posachedwa. Ine ndimaona kuti ntchito yawo yolemera kwambiri inali ina, yopanda wokuombera m'manja. Kwa zaka pafupifupi 15, mayi wakuda ameneyu, wokonda akazi anzake ndipo wosabisa, womenyera ufulu wa amayi, ankakonza zolemba za anthu ena, kulongedza makatoni, kulondola ngongole m'masitolo a mabuku, ndi kusaka ndalama zolipira amakina kuti buku limene latha pamsika lisindikizidwenso.

Anabadwa mu 1946 ku Cleveland m'chigawo cha Ohio, mapasa ndi Beverly. Banja lawo linachokera ku Georgia, kumwera kwa America, monga anachitira anthu akuda miyandamiyanda amene ankasamukira kumpoto pothawa malamulo a tsankho ndi kusaka ntchito. Mayi awo anamwalira mapasawa ali ndi zaka 9, ndiye anakulira m'manja mwa agogo awo aakazi ndi achibale ena, nyumba yonse ili ya akazi odzidalira okha. Sukulu inali lamulo m'nyumbamo. Barbara anamaliza ku Mount Holyoke College mu 1969, n'kutenga digiri yachiwiri ya zolembalemba ku University of Pittsburgh mu 1971. Zomenyera ufulu anaziyamba akadali kusekondale, pa zionetsero zokana tsankho m'sukulu za ku Cleveland.

Chakumapeto kwa 1973 anapita ku msonkhano wa bungwe la National Black Feminist Organization ku New York. Atabwerera ku Boston, iwo, Beverly ndi Demita Frazier anayambitsa nthambi ya bungwelo mu 1974. Sipanapite nthawi anadzipatula n'kukhala gulu loima palokha, chifukwa ankafuna kulankhula mosapsatira pa zinthu ziwiri zimene ankaona kuti bungwe lalikulu silikuzigwira mokwanira: umphawi umene dongosolo la chuma limabala, ndi moyo wa akazi okonda akazi anzawo.

Dzina la gululo, Combahee River Collective, linachokera kwa Mayi Smith. Combahee ndi mtsinje wa ku South Carolina. Usiku wa pa 1 kuchera pa 2 Juni 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, Harriet Tubman, mayi wakuda amene anathawa ukapolo, anatsogolera maboti a asilikali a kumpoto kukwera mtsinjewo, ndipo akapolo oposa 700 anathawa m'minda ya mpunga n'kukwera mabotiwo. Akanafuna akanangolitcha gululo dzina la Tubman, koma anasankha chochitikacho, ntchito imene anthu ambiri anagwirira limodzi. Ubwino wake unali woti aliyense womva dzinalo ankafunsa kuti Combahee n'chiyani, mpata wophunzitsa mbiri n'kupezeka pomwepo.

Mu Epulo 1977 atatuwa analemba chikalata chofotokoza zimene gululo linkakhulupirira. Mfundo yake yaikulu ndi yoti tsankho la khungu, kuponderezedwa kwa akazi, chidani pa okonda amuna kapena akazi anzawo, ndi umphawi, n'zolukana ngati chingwe. Mayi wakuda amene amakolopa m'chipatala pa malipiro ochepetsetsa sangathe kuloza kuti gawo ili la mavuto anga labwera chifukwa ndine wakuda, ili chifukwa ndine mkazi. Zimamufikira zonse pamodzi, ndiye kuzilimbana kwake n'kwapamodzinso. Alembi atatuwo anadzitcha a sosholizimu. Anakana maganizo amene anali otchuka panthawiyo pakati pa akazi ena achizungu, oti akazi okonda akazi anzawo adzipatule kwa amuna kotheratu. Iwo anati amuna akuda ndi anzawo pa nkhondo yolimbana ndi tsankho, ngakhale kuti pa nkhani yopondereza akazi alimbana nawo ndithu. M'chikalatachi ndi mmene mawu akuti identity politics amadziwika kuti anaonekera koyamba. Lero mawuwa amatukwanidwa ndi andale a mbali zonse, koma kwa eni akewo ankatanthauza chinthu chosavuta: akazi akuda ali ndi ufulu womanga ndale zawo kuchokera pa zimene akukumana nazo, osadikira kuti azungu kapena amuna awakumbukire. Chikalatacho chinalowa m'buku limene Zillah Eisenstein anasonkhanitsa, la 1979. Panapita zaka 12 chilembedwereni pamene katswiri wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw anabweretsa mawu akuti intersectionality, onena za kulukana kwa mavuto komweku, mu 1989.

Koma kuti muone mmene mutu wa Mayi Smith unkagwirira ntchito, onani zimene zinachitika mu 1979. Kuyambira Januwale mpaka Meyi chaka chimenecho, akazi akuda oposa 10 anaphedwa ku Boston, m'madera oyandikana. Manyuzipepala akuluakulu ankangoyikwirira nkhaniyo m'masamba a mkati. Pa 1 Epulo panachitika ulendo wa pamsewu wokumbukira ophedwawo, amene panthawiyo anali 6. Olankhula ambiri anali amuna, ndipo uthenga wawo unali woti uku n'kusankhana mitundu basi, akazi azikhala m'nyumba, amuna aziwateteza. Mayi Smith anabwerako atakwiya, n'kuyamba kulemba kabuku kamene mutu wake unkafunsa kuti akazi akuda 6 amenewa afa chifukwa chiyani. Yankho la kabukuko linali loti afa chifukwa ndi akuda komanso chifukwa ndi akazi. Kanalibe zolankhula zokha: munali malangizo a mmene mkazi angadzitetezere poyenda, mndandanda wa mabungwe amene angathandize, ndi ndakatulo ya Ntozake Shange. Anakamasuliranso m'Chisipanishi. Kupha kukupitirira, kabukuko kankasindikizidwanso nambala ya pamutu ikusintha, 6 kukhala 7, kukhala 8, mpaka kupitirira 10. Kanagawidwa makope masauzande ambiri. Phunziro lake analitola: pepala limene walisindikiza wekha limatuluka sabata imene ukulifuna, ndi mawu amene ukuwafuna.

Ku mbali ya mabuku zinthu sizinali choncho. Mu 1977 Mayi Smith analemba nkhani ya mutu wakuti Toward a Black Feminist Criticism m'magazini ya Conditions, yodandaula kuti akatswiri a zolembalemba, azungu ndi amuna akuda omwe, amachita ngati alembi achikazi akuda kulibe, ndipo okonda akazi anzawo ndiye samatchulidwa n'komwe. Mu 1979 iwo ndi Lorraine Bethel anakonza kope lachisanu la magaziniyo, la akazi akuda okhaokha, ndipo makope 3,000 anatha m'masabata atatu. Mu 1982 kampani ya Feminist Press inatulutsa buku limene anasonkhanitsa limodzi ndi Gloria T. Hull ndi Patricia Bell Scott, limene mutu wake umanena monyogodola kuti akazi onse ndi azungu, akuda onse ndi amuna, koma ena a ife ndife olimba mtima. Owerenga analipo, izo zinaonekeratu. Chimene chinalipo n'chakuti zonsezi zinkatulukira m'nyumba za eni. Magazini ya azungu ikakupatsa kope limodzi lapadera, kope lotsatira imabwerera kwa eni ake. Mlendo ndi mame. Makampani akuluakulu a ku New York nawo ankatenga mlembi wakuda mmodzi kapena awiri, buku likapanda kuyenda malonda msanga n'kulisiya kuti lithe pamsika.

Amene anabwera ku kamsonkhano ka ku Roxbury kaja anali akazi akuda okhaokha, koma anagwirizana kuti kampaniyo ikhale ya akazi onse amene si azungu: akuda, ochokera ku Latin America, ochokera ku Asia, ndi eni nthaka a ku America. Cherríe Moraga ndi Hattie Gossett anali m'gulu la oyambitsa. Anagwirizananso kuti azisindikiza akazi onse, okonda amuna ndi okonda akazi anzawo omwe, ngakhale kuti ambiri ogwira ntchitoyo anali a gulu lachiwirili. Dzina la tebulo la kukhitchini analisankha pa zifukwa ziwiri. Kukhitchini ndi kumene akazi amagwirira ntchito n'kumakambirana zawo. Komanso linkaulula chilungamo: analibe chuma chosiyiridwa ndi makolo, analibe mpamba.

Kusowa mpambako ndiye nkhani yonse, ndipo kuti imveke tiyenera kuona mmene buku linkapangidwira m'zaka za m'ma 1980, makompyuta asanafalikire.

Kampani yosindikiza mabuku kawirikawiri sikhala ndi makina. Makina amakhala a wina amene amangolipidwa. Ntchito ya kampani ndi kusankha zolemba, kuzikonza, kulipira zonse, ndi kuonetsetsa kuti buku lafika kwa owerenga. Mlembi ankatumiza zolemba zake zotayipa pa makina a tayipi. Mkonzi ankazidutsa ndi pensulo, kubweza kwa mlembi, n'kubweranso. Zikapsa zinkapita kwa wosanja zilembo, amene ankazitayipanso zonse pa makina ake n'kutulutsa mapepala ataliatali a mawu. Apa ndi pamene zolakwika zatsopano zinkalowera, chifukwa munthu wotayipanso masamba 300 salephera kudumpha mzere. Njira yodalirika inali ya anthu awiri: wina akuwerenga mokweza zoyambirira zija, wina akutsatira ndi chala pa zatsopanozo. Cholakwika cha wosanja chinkakonzedwa ulere, koma mlembi akasintha maganizo zafika apa, mzere uliwonse wosinthidwa unkalipiridwa. Kenako mapepala aja ankadulidwa n'kumatidwa pa makatoni olimba, tsamba ndi tsamba, manambala a masamba ndi mitu n'kumatidwanso ndi manja. Amakina ankajambula makatoniwo, kupanga mapuleti, zitsulo zopyapyala zimene zimaikidwa m'makina osindikizira, n'kusindikiza pa mapepala akuluakulu amene lililonse limapindidwa kukhala masamba 16 kapena 32. N'chifukwa chake mkonzi wodziwa ntchito amalimbana kuti buku lithere pa masamba 160 kapena 192. Likafika 163, masamba atatu owonjezerawo amakulipiritsa mpindo wina.

Buku losonkhanitsa zolemba za anthu ambiri, limene ndi mtundu umene Kitchen Table inatchuka nawo, lili ndi chintchito chinanso. Home Girls, limene Mayi Smith anasonkhanitsa n'kutuluka mu 1983, lili ndi alembi oposa 30. Aliyense amafunika kalata yopempha chilolezo, mgwirizano wosainidwa, mbiri yake yachidule, ndi kumutumizira tsamba lake kuti aone ngati lili bwino. Zonsezi pa positi. Mmodzi akasamuka osasiya adiresi, kapena ndakatulo yake ikapezeka kuti umwini wake uli ndi kampani ina, buku lonse limaima.

Tsono masamu ake. Ndalama zokonzera, kusanja zilembo, kujambula chikuto ndi kupanga mapuleti n'zimodzimodzi kaya musindikiza makope 1,000 kaya 10,000. Ndiye mukasindikiza ochepa, kope lililonse limadula. Mukasindikiza ambiri, kope limatchipa koma ndalama zanu zonse zimagona m'makatoni. Tiyerekeze buku la madola 10. Sitolo ya mabuku imachotsa madola 4, gawo lake la nthawi zonse, inu n'kutsala ndi 6. Bukulo likadzera kwa opikulitsa, amene amagula kwa makampani ang'onoang'ono ambiri n'kumagawira masitolo, mumatsala ndi madola 5 kapena kucheperapo. Pamenepo muchotsepo pafupifupi madola 2 a amakina, ndi gawo la mlembi limene limayandikira dola imodzi. Zotsalazo ndi zimene zilipire lendi, foni, masitampa, makatoni, kulengeza malonda ndi malipiro a antchito, ngati alipo.

Kuchepa kwa phindu kukanapiririka. Chimene chimapha makampani otere ndi nthawi. Amakina amafuna ndalama zawo pasanathe masiku 30, ndipo kampani yaing'ono yosadziwika nthawi zambiri amaiuza kuti iperekeretu theka asanayatse makina. Sitolo ndi opikulitsa amalipira pakapita masiku 90, ena kuposa apo. Komanso pa malonda a mabuku ku America pali mwambo woti sitolo ikhoza kubweza mabuku amene sanagulidwe. Mukhoza kulemba m'kaundula kuti mwagulitsa makope 500, pakapita miyezi 6 makatoni n'kubwerera, ena makona atapindika moti sangagulitsidwenso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama za pa invoisi si zako.

Apa ndi pamene pali msampha umene anthu ambiri saukhulupirira akaumva koyamba: buku loyenda malonda kwambiri likhoza kugwetsa kampani yopanda mpamba. Makope oyamba atha m'miyezi iwiri, maoda akubwerabe, ndiye muyenera kusindikizanso lero. Koma ndalama za makope oyamba aja zikadali m'manja mwa masitolo. Mukongola kuti musindikize kachiwiri, achiwiriwo athanso ngongole yoyamba musanabweze, ndipo ndalama zimene munasungira buku latsopano zimamezedwa ndi lakale. Mukati mudikire kaye, buku limasowa pamsika, aphunzitsi a ku yunivesite amene analiika pa mndandanda wa kalasi amalichotsa n'kuikapo lina, ndipo kulibwezeretsa pamenepo n'kovuta.

Kitchen Table inaona zimenezi pafupi. Buku la This Bridge Called My Back, limene Cherríe Moraga ndi Gloria Anzaldúa anasonkhanitsa, linatuluka koyamba mu 1981 ku Persephone Press, kampani ya akazi achizungu ya ku Watertown, Massachusetts. Linayenda malonda kwambiri. Mu 1983 Persephone inatseka. Bukulo linasowa pamsika, ndipo osonkhanitsawo anatha miyezi yambiri akukambirana kuti umwini wake ubwerere kwa iwo. Home Girls nalo linkayembekezeka kutulukira ku Persephone komweko. Mabuku onse awiri anathera ku Kitchen Table m'chaka chomwecho cha 1983, limodzi ndi Cuentos, buku la nkhani zifupizifupi za akazi ochokera ku Latin America. Kampani ya zaka ziwiri, yodalira anthu ongodzipereka, inapezeka yasenza mabuku awiri akuluakulu amene aliyense ankawafuna. Linali dalitso, koma dalitso lofuna ndalama mwezi ndi mwezi. Mlembi aliyense atolepo apa: mu mgwirizano muzikhala mawu onena kuti kampani ikatseka, kapena buku likasowa pamsika kwa miyezi yakutiyakuti, umwini ubwerera kwa mlembi.

Kufikira owerenga inali nkhondo inanso. Panthawiyo ku America kunali masitolo ambiri a mabuku a omenyera ufulu wa amayi, ndipo ankalandira mabuku a Kitchen Table ndi manja awiri, koma ogula ambiri kumeneko anali azungu. Mayi Smith ankanena poyera kuti owerenga amene ankawafuna poyamba ndi anthu amene si azungu, amuna ndi akazi omwe, osati okhawo amene ali kale m'magulu omenyera ufulu. Anthu amenewo ambiri sankalowa m'masitolo aja. Ndiye mabuku ankayenera kuwatsata: kunyamula makatoni kupita ku misonkhano, ku zoimbaimba, ku zionetsero za mabuku, kuyala tebulo pakhomo n'kugulitsa pamanja. Kugulitsa kotere n'kotopetsa, koma pa masamu aja kuli ndi ubwino wake. Madola 10 onse amalowa m'thumba la kampani tsiku lomwelo, popanda wodula pakati, popanda kubweza. Maoda a pa positi ochokera m'kabuku ka mndandanda wa mabuku anali chimodzimodzi: cheke chimabwera katundu asanatuluke. Chikuto nacho ankachiganizira. Ankafuna kuti munthu akaliona buku patali adziwiretu kuti muli anthu ofanana naye, ndiye zojambula ndi mitu zinkanena zimenezo mosabisa. Pambali pa mabuku awo, ankagulitsanso mabuku a akazi ena amene si azungu otuluka ku makampani ena ang'onoang'ono.

Chinthu chimene ndimachikonda kwambiri pa zimene anapanga ndi timabuku ta Freedom Organizing, timene tinayamba pakati pa zaka za m'ma 1980. Tinali tochepa masamba, totchipa, toti munthu n'kuwerenga m'basi, ndipo tinkabwera ndi baji yovala pa malaya. Koyamba kanali chikalata cha Combahee chija, chimene kufikira nthawiyo chinali chobisika mkati mwa mabuku akuluakulu. Munalinso ka Audre Lorde kolankhula kwa akazi akuda amene ankaopa kugwira ntchito ndi anzawo okonda akazi, ka Angela Davis ka nkhanza kwa amayi ndi tsankho, ka Barbara Omolade ka amayi akuda olera okha ana, ndi kena ka Lorde ndi Merle Woo kolumikiza tsankho la ku America ndi la ku South Africa. Kabuku kotere sikafuna ndalama zambiri kwa amakina, gulu likhoza kugula makope 50 n'kugawana, ndipo bajiyo imapitiriza kulankhula kabukuko katatsekedwa. Ndi nzeru ya 1979 ija, itangovala bwino.

Mabuku a kampaniyi sanali ambiri, koma kasankhidwe kake kanali kakuthwa. Mu 1984 anatulutsa ndakatulo za Mila Aguilar, mlembi wa ku Philippines amene anali m'ndende mu ulamuliro wa Ferdinand Marcos. Mu 1988 anatulutsa Seventeen Syllables, nkhani za Hisaye Yamamoto zimene zinali zitamwazikana m'magazini kuyambira m'ma 1940, komanso ndakatulo za Mitsuye Yamada. Amayi awiriwa anali m'gulu la anthu a mtundu wa Chijapani amene boma la America linawatsekera m'misasa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndakatulo za Cheryl Clarke, zimene poyamba anadzisindikizira yekha, zinalowanso m'manja mwa Kitchen Table. Makampani akuluakulu akanatha kutenga mabuku onsewa. Sanawatenge.

Mu 1984 Mayi Smith anasamukira ku Albany, likulu la chigawo cha New York, ndipo kampaniyo inawatsatira. Apa ndiyenera kunena chimene ndimachiona ngati chilema cha ntchito yonseyi, ngakhale kuti sindikuona mmene akanachipewera. Chimene chinayamba ngati gulu chinafika podalira kwambiri munthu mmodzi. Anthu ongodzipereka amatopa, amasamuka, amapeza ntchito yolipira. Amene watsala amasenza zonse, ndipo mtengo weniweni wa buku umabisika chifukwa thukuta lake silikuwerengeredwa. Mayi Smith ankapeza zodyera pophunzitsa ndi kuyankhula m'mayunivesite, nthawi imene akanalemba mabuku awoawo ikuthera pa mabuku a ena. Pa mapepala kampani yotere imaoneka ngati ikuyenda. Tsiku limene mudzafune kulemba ntchito munthu wolipidwa kuti alowe m'malo mwa wodziperekayo ndi pamene masamu amakana.

Audre Lorde, amene dzina lake ndi mawu ake zinkathandiza kwambiri kukopa chithandizo, anamwalira ndi khansa mu Novembala 1992. Zaka zomwezo msika unasintha. Masitolo akuluakulu a Barnes & Noble ndi Borders anafalikira, akugulitsa motchipa, ndipo masitolo ang'onoang'ono oima paokha, kuphatikizapo a omenyera ufulu wa amayi, anayamba kutseka imodziimodzi. Masitolo akuluakuluwo ankaoda mabuku ambiri n'kubwezanso ambiri, zimene kampani yaing'ono singapirire. Opikulitsa ena amene makampani ang'onoang'ono ankawadalira anagwa ndi ngongole, ndipo wopikulitsa akagwa amagwa ndi ndalama zanu ndi makatoni anu omwe. Chinanso, chowawa mwa mtundu wake, n'chakuti makampani akuluakulu anali ataona tsopano kuti mabuku a akazi akuda amagulidwa, ndipo ankatha kupereka ndalama zimene Kitchen Table sikanakwanitsa. Mayi Smith anatula udindo mu 1995. Kampaniyo inasamukira ku Brooklyn m'manja mwa ena, ndipo patangopita zaka zochepa inatseka.

Atamasuka anabwerera ku zolemba zawo. Mu 1998 Rutgers University Press inatulutsa The Truth That Never Hurts, buku la nkhani zimene analemba pa zaka 30. Pakamwa sipanafewe. Mu 1993 anali atalemba m'magazini ya The Nation modzudzula mabungwe akuluakulu a amuna ndi akazi okonda anzawo, kuti asanduka ofuna kungolandiridwa m'dongosolo lomwe lilipo, monga kuloledwa kulowa usilikali, n'kuiwala osauka ndi akuda a pakati pawo.

Mu 2005 anachita chimene ambiri sankayembekezera kwa munthu wa maganizo awo: anapikisana nawo pa chisankho n'kukhala khansala wa Wodi 4 mumzinda wa Albany. Anasankhidwanso mu 2009 n'kukhalapo mpaka 2013. Nkhani imene anaigwira kwambiri inali ya achinyamata owomberana ndi mfuti. Anathandiza kubweretsa pulogalamu ya SNUG, dzina limene ndi mawu a Chingerezi otanthauza mfuti atawerengedwa chobwerera. Imatengera njira imene inayambira ku Chicago: kulemba ntchito anthu a m'dera momwemo amene achinyamata amawamvera, ena oti anakhalapo m'ndende, kuti pakachitika kuwomberana athamangire kwa abale ndi anzake a wovulalayo asanapite kukabwezera. Mu 2005 momwemo anali mmodzi wa akazi 1,000 a m'maiko osiyanasiyana amene maina awo anaperekedwa pamodzi kuti alandire mphoto ya mtendere ya Nobel.

Mabuku aja sanafe ndi kampani. Home Girls linatulukanso ku Rutgers University Press mu 2000. This Bridge Called My Back linapita ku Third Woman Press mu 2002, kenako ku SUNY Press mu 2015, kampani yomwenso mu 2014 inatulutsa buku la zokambirana ndi zikalata za zaka 40 za ntchito ya Mayi Smith. Chikalata cha Combahee chinafikanso kwa owerenga atsopano mu 2017, Keeanga-Yamahtta Taylor atachisindikizanso limodzi ndi macheza amene anachita ndi alembi ake atatu aja. Zaka za ku Kitchen Table sizinasiyire Mayi Smith penshoni. Atakula, anthu amene anaphunzira pa mabukuwo anakhazikitsa gulu lotchedwa Smith Caring Circle, limene mamembala ake amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti awathandize pa zofunika za tsiku ndi tsiku.